Woumba Njerwa Amene Anawotcha Munda Wake

Panali munthu wina woumba njerwa amene ankakhala m'mphepete mwa tauni. Kuseri kwa nyumba yake kunali chulu, ndipo kumunsi kwa chulucho kunali munda. Chilimwe chilichonse ankakumba dothi la pachulu, n'kuliponda, n'kuwotcha uvuni umodzi. Mvula ikagwa ankapachika chikombole n'kutenga khasu, chiswe n'kumamanganso chulu chija mwakachetechete.

Tauni inayamba kukula, ogula n'kuchuluka. Munthu uja anawonjezera mauvuni, ndipo anthu ankamuyamikira kuti ntchito yake ikupita patsogolo. Chulu chinatha. Analowa m'munda n'kumakumba momwemo. Nkhuni zitasowa anagwetsa mitengo ya kumtsinje, kumene amayi a m'mudzimo ankatola nkhuni, ndipo chitsime cha onse chinayamba kuphwa msanga. Njerwazo zinkamanga mipanda ya anthu amene sankadziwa n'komwe dzina la mtsinjewo.

Panatsala kachigawo kamodzi ka munda uja, pamene mkazi wake ankabzala chimanga, nandolo ndi maungu. Tsiku lina kunabwera womanga wina ndi lole, akufuna njerwa zochuluka kuposa kale lonse. Dothi lotsala linali la pakachigawo pomwepo.

Mkaziyo anati, "Bambo a Ndaziona, mwanayu adzatafuna njerwa?"

Iye anayankha kuti ntchito imene sikukula ndiye kuti ikufa.

M'mawa ananyamula khasu. Pamphepete pa dzenje limene anakumba m'mundamo anapeza Ndaziona, mwana wake wamkazi, akuumba kang'ombe kadothi. Kanali kataphwanyika, ndipo mwanayo anangokanyowetsa n'kukaumbanso. Kenaka anatola chibenthu cha njerwa, n'kuchiviika m'madzi, n'kuchifinya ndi timanja take. Sichinafewe.

"Ababa, dothi limene mwawotchali lidzafewanso liti?"

Bamboyo anadziwa yankho, pakuti inali ntchito yake. Anayang'ana dzenje, anayang'ana mwana, ndipo khasu linamulemera. Madzulo anakauza womanga uja kuti njerwazo sizipezeka. Womangayo anaseka n'kupita kwina.

Chaka chimenecho m'nyumbamo munachepa zambiri. Munthu uja anayamba kuthira mapesi, phulusa ndi manyowa m'dzenjemo, n'kubzala mitengo kumtsinje pamodzi ndi anansi amene anawalakwira. Dzenje silinadzaze. Mwina silidzadzaza iye ali moyo. Koma pakachigawo kaja maungu anayanga, ndipo Ndaziona anadya.

Abale ndi alongo, Mulungu anatipatsa nthaka kuti tiisunge, osati kuti tiimalize. Si chilichonse chokula chimene chili dalitso. Dzenje nalonso limakula. Tikamva kuti malonda akula, kuti chuma cha dziko chakwera, tizifunsa kuti dothi lake lachoka m'munda mwa yani, ndipo mwana adzadya chiyani. Amene wadziwa kunena kuti "pakwana" sanagonje ayi. Wasiyira mwana wake dothi limene likhoza kufewanso.