Khoma Lofunda

Panali munthu wina wogulitsa nsapato zakaunjika pansi pa mtengo wa mkuyu. Kwa zaka makumi awiri ankalota ali maso. Ankaona nyumba ya mashopu anayi, yakhonde lalitali, yopaka penti wobiriwira. Maloto amenewo anawamanga njerwa imodziimodzi, mpaka nyumba ija inaima pamsika pomwepo.

Mmisiri wa magetsi, a Gwaza, anayendetsa mawaya m'kati mwa makoma. Pamene magetsi amalowera m'nyumbamo anaikapo bokosi, ndipo m'bokosimo anaikamo buleka, kachipangizo kamene kamadula magetsi onse katundu akachuluka.

"Bwana, buleka iyi ndaiyeza ndi waya ali m'khomamu," anatero a Gwaza. "Ikagwa musaikwiyire. Ndiye kuti waya watopa."

Munthu uja anangogwedeza mutu. Maso ake anali pa penti.

Munalowa telala, wometa, ndi mayi wina wa mafuliji a nyama. Potsiriza munalowa wowotcherera zitsulo. Kuchokera tsiku limenelo, makina onse akalira pamodzi, buleka ija inkangoti thi! Nyumba yonse zii. Wometa ankatsala ndi kasitomala wometedwa mutu mbali imodzi, ndipo msika wonse unkafa nacho chikhakhali.

Zinamupweteka mtima mwini nyumbayo. Nyumba ya maloto ake isanduke choseketsa? Anaitanitsa a Gwaza.

"Chotsani kamantha aka. Ikani ina yaikulu."

"Ndiyambe ndasintha waya, bwana. Tigumula khoma pang'ono."

"Khoma langa lopaka penti? Ayi ndithu."

A Gwaza ananyamula chikwama chawo n'kumapita. Munthu uja anakwera basi, nakagula yekha buleka yaikulu m'tauni. Wogulitsa anamulonjeza kuti, "Iyi siigwa, achimwene, ngakhale mulumikize chigayo." Amisiri osafunsa mafunso sasowa. Anapeza mmodzi, ndipo anamuikira tsiku lomwelo.

Mtendere unabwera. Makina a telala ankaimba kuyambira m'mawa. Kwa wowotcherera, moto wabuluu unkathetheka osalekeza. Palibenso amene ankaseka.

Kenako inafika nyengo yachisanu, ya kamvula kowaza kaja, ndipo anthu anatulukira chodabwitsa. Khoma lapakhonde linali lofunda. Woyamba kudziwa anali mphaka wa telala, amene ankagona pamenepo tsiku lonse. Amayi ogulitsa mandasi anasamutsira madengu awo pomwepo. Mkulu wina wodwala msana ankabwera kudzatsamira, n'kumauza anthu kuti khoma limeneli limachiza. Ena ankati nyumbayi ndi yodalitsika, ili ndi magazi ngati munthu.

Mwini wake naye anakokera mpando wake kukhomako. Masana ankatsamira, kutentha kuja n'kumalowa m'mapewa pang'onopang'ono. Phokoso la msika linkamveka ngati lili kutsidya la mtsinje. Ankasinza, n'kumaona nyumba yake itasanjikizana, makwerero akukwera mpaka m'mitambo, zenera lililonse likuwala. Sanakondwepo chotere chibadwire. Nthawi zina kankamupeza kafungo ka pulasitiki wopserera. Ankati ndi zinyalala zimene akutentha kuseri kwa msika, n'kutsekanso maso.

Linali Loweruka, tsiku la msika, dzuwa lili pamutu. Makina onse anali kulira. Mphaka uja anadzuka n'kuchoka osacheuka. Utsi unayamba kutuluka m'mabowo a masoketi, wopyapyala ngati ulusi. Pamene anthu ankakuwa, moto unali utafika kale kudenga. Onse anathawa ndi moyo, koma zaka makumi awiri zija zinatha dzuwa lisanapendeke.

M'mawa mwake munthu uja ankafukula phulusa ndi kamtengo, misozi ili chuchuchu. A Gwaza anabwera. Anangotsegula bokosi lija, limene linali litada bii. Buleka yaikulu ija inali chiimire. Sinagwe, monga momwe wogulitsa analonjezera.

Tsono inu amene mukundimva, musamuseke munthu ameneyu, pakuti ine ndimamumvera chisoni. Aliyense wa ife ali ndi waya wake wobisika m'khoma, ndipo waya ameneyo ali ndi malire. Alipo wina pafupi nanu amene amagwa katundu akachuluka. Mwina ndi akazi anu, mwina ndi mnzanu uja wosanyengerera, mwina ndi thupi lanu lomwelo. Amakudulani zinthu zili m'kati, amakuchititsani manyazi pagulu, ndipo mwayamba kale kufunafuna wina amene sadzanena kuti basi. Mudzamupeza, alipo ambiri. Koma akadzakhala chete onse, inu n'kumva kufunda kokoma kumsana, musatseke maso. Dzukani, mukafunse chimene chikupsa.