Nthiti za Munthu Wina

Pa kampani ina yopanga makina osungira zithunzi za ekisire m'zipatala panali mkulu wina amene anzake ankangowatcha a Mphezi. Dzinali silinabwere pachabe. Zala zawo zikagwira kompyuta zinkalira ngati matalala padenga la malata, ndipo ntchito imene ena ankalimbana nayo sabata yathunthu, iwo ankaimaliza tiyi asanapole. Ndiwo analemba dalaivala wa makinawo. Mayi awo ankauza anthu kuti mwana wawo amayang'anira madalaivala, koma dalaivala ameneyu sagwira chiwongolero. Ndi kapulogalamu kokhala m'kati mwa kenelo, mtima wa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ndipo ntchito yake ndi kupereka zithunzi kwa disiki kuti izisunge.

M'chipinda chomwecho, pafupi ndi zenera, pankakhala alamu awo, akazi a achimwene awo aakulu. Iwowa ankayesa makina asanatuluke pakampani, ndipo poti sankasiyana ndi kabuku ndi pensulo, anthu anawapatsa dzina loti Mayi Kabuku. Awiriwa ankasereulana tsiku lonse.

"Alamu, kulemba pamanja muli pakati pa makompyuta khumi? Kodi achimwene anakutolani kuti?"

"Ananditola komwe anthu amawerenga kaye asanasaine, alamu."

Lolemba lina kunalira foni yochokera kuchipatala china. Anali dokotala, ndipo mawu ake anali ouma.

"Ndili ndi chithunzi cha chifuwa cha mayi wina pano. Pakati pake padutsa kamzere ka nthiti za munthu wina, ndipo pa nthitizo pali chotupa. Tinamuuza kale mayiyu kuti akonzekere opaleshoni. Walira masiku awiri chifukwa cha matenda a mwini wake."

Uthengawo unafika kwa onse m'chipindamo. A Mphezi ndiwo anayamba kuyankhula.

"Ndi madisiki amenewo. Atigulitsa zowola. Tisinthe onse, nkhani yatha."

"Bwanji tilipute kaye vutoli pompano, tilione ndi maso athu?" anatero Mayi Kabuku. "Mwina madisiki tikuwanamizira."

"Mukufuna kunena kuti dalaivala wanga ndiye wolakwa? Wayenda zaka zitatu ameneyo osapunthwa."

A Mphezi anatemetsa nkhwangwa pamwala, ndipo mwini kampani anamvera iwo. Amisiri anazungulira zipatala zonse n'kusintha madisiki. Patatha masabata atatu foni inaliranso, ulendo uno kuchokera kuzipatala ziwiri. Kwina bondo la mwana linatuluka ndi chidutswa cha msana wa munthu wamkulu. Mwini kampani anasonkhanitsa antchito ake nkhope ili gwa.

"Zipatala zati pakutha pa mwezi uno zitibwezera makina onse. Zikatero, geti ili titseka, aliyense akaone kolowera."

A Mphezi sanakhale pansi. Anathamangira pa kompyuta n'kuthira mu dalaivala mizere yambirimbiri yoti azilemba chilichonse chimene akuchita. Anayendetsa makina masiku awiri, osaoneka cholakwika ngakhale chimodzi.

"Mwaona? Chathawa! Tumizani dalaivala yemweyu kuzipatala."

"Chathawa kapena chabisala?" anafunsa alamu awo. "Mwakonza chiyani? Ndionetseni mzere umene unali wolakwika."



"Zolembalemba zanuzi zangochedwetsa dalaivala," anapitiriza mayiwo. "Mwatsokomola pakhomo, wakuba wagona pansi. Mukachoka adzukanso. Ine dzanja langa silisaina zimenezi."

Mwini kampani anawapatsa Mayi Kabuku masiku khumi. Iwo anatenga makina amodzi okhala ndi dalaivala wakale uja n'kuwaika pa tebulo lawo. Anapanga zithunzi za mitundu iwiri yokha, choyera mbee ndi chakuda bii, n'kulamula makinawo kuti azizisunga mosinthanasinthana osalekeza, kwinaku pulogalamu ina ikuziwerenganso. Kadontho kakuda kakangopezeka pa choyera, belu lizilira.

Tsiku loyamba belu silinalire. Lachiwiri chimodzimodzi. A Mphezi ankadutsa pamenepo akuimba likhweru.

"Alamu, mwaotha makina mokwanira? Kapena ndikubweretsereni pilo?"

Tsiku lachitatu, nthawi itangokwana 3 koloko masana, belu linati ngiri! Mayi Kabuku analemba nthawiyo m'kabuku. Lachinayi kunachita mitambo, belu linangokhala duu. Lachisanu linalira kawiri, masana omwewo. Lachisanu ndi chimodzi linaliranso, ndipo mayiwo anakhala phee, akuyang'ana manambala awo, kenako zenera. Dzuwa linali litapendeka, likuwomba pa makinawo ndendende. Anaika dzanja pa chitsulo cha makina, n'kulichotsa msanga. Chinali chotentha.

M'mawa mwake anabwera ndi makina oumitsira tsitsi m'chikwama. Anthu anaseka.

"Kodi tatsegula saluni?" anafunsa a Mphezi.

"Bwerani mukhale apa, alamu. Tsitsi la lero ndi lanu."

Analozetsa mpweya wotentha pa disiki. Pasanathe mphindi zisanu belu linalira. Linaliranso, n'kuliranso, ngati mbuzi yomangidwa padzuwa. Atazimitsa choumitsira chija, disiki inazizira ndipo belu linaleka. Anabwereza katatu, zotsatira zake zomwezo.

Likhweru la a Mphezi linauma. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi alamu awo.

"Disiki ikatentha imadzichepetsera liwiro kuti isapse," anayankhula chapansipansi, ngati akudziuza okha. "Siwonongeka ayi. Imangochedwa."

"Nanga dalaivala wanu amatani disiki ikachedwa?"

A Mphezi anadzuka. Anapita kukasindikiza dalaivala yense papepala, masamba makumi anayi, n'kubwerera.

"Tandibwerekani pensulo, alamu."

Tsiku limenelo padenga la malata sipanagwe matalala. Munthu amene ankadumpha mizere ngati mbawala ankaiwerenga umodziumodzi, chala chili papepala. Nthawi ya chakudya inadutsa iwo osadzuka. Chakumadzulo, ali pa tsamba la makumi awiri ndi chisanu ndi chiwiri, anaima. Anawerenganso, n'kugwira mutu ndi manja onse awiri.

"Ndi ine, alamu. Ndi dzanja langali."

Nkhani yake inali yotere. Chithunzi chisanalowe mu disiki chimadikira pa kamalo kena mu memore, mmene kompyuta imasungamo zinthu kwakanthawi, ndipo disiki imadzachitapa pamenepo. Dalaivala ankaidikira disikiyo masekondi awiri basi. Ikachedwa, ankayesa kuti yalephera, n'kupereka kamalo kaja kwa chithunzi cha wodwala wotsatira. Koma disiki yotenthedwa inali isanagonje, inali idakatapabe mwapang'onopang'ono. Zinali ngati wogulitsa chakudya amene walanda mbale mlendo adakadya, n'kuthiramo chakudya cha wina, dzanja la woyamba lili momwemo. Dalaivala ankatumizanso chithunzi choyamba chija bwinobwino, koma ulendo wochedwa uja unkafika pambuyo n'kudinda zosakanizika pamwamba pa zabwino.

Kukonza kwake kunali mizere isanu yokha. Disiki ikachedwa, dalaivala aziiuza kaye kuti ileke, adikire mpaka iyankhe kuti yachotsa dzanja, ndiyeno apereke kamalo kaja kwa wina.

Mwini kampani atamva analumpha ngati mwana.

"Titumize lero lomwe!"

"Ayi bwana," anatero a Mphezi. "Masiku atatu atsalawa alamu awotche makinawa mmene angathere. Akasaina iwo, ndiye titumize."

Mayi Kabuku anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kodi ndinu alamu anga omwe aja, kapena atisinthira?"

Anayala makina asanu ndi amodzi padzuwa, zoumitsira tsitsi zitatu zobwereka zikulira mosinthana. Zithunzi zinadutsa mamiliyoni awiri. Belu linangoti duu, ngati lameza lilime. Tsiku lakhumi Mayi Kabuku anatseka kabuku kawo, natenga cholembera n'kusaina. M'chipinda muja munabuka nthungululu, wina akuimba tebulo ngati ng'oma, mpaka a maofesi oyandikana anabwera kudzasuzumira kuti kwabadwa mwana wa yani.

Amisiri anazunguliranso zipatala, ulendo uno atanyamula dalaivala watsopano. Mwezi unatha popanda makina obwezedwa. Nyengo yotentha inafika pachimake, zipinda za ekisire zikuwotcha ngati uvuni, koma wodwala aliyense ankatuluka ndi mafupa akeake. Dokotala uja anaimbanso foni, mawu atafewa, kudzafunsa ngati angapeze makina ena anayi.

A Mphezi anatumiza mizere isanu ija kwa akatswiri amene amasamalira kenelo, kuti ena olemba madalaivala aone msampha wake. Yankho linabwera loti alandira, ndipo akatswiriwo anapeza msampha womwewo m'madalaivala ena awiri a makampani ena, n'kuwakonza. Pa kalata yofotokoza ntchitoyo, pamalo olemba amene anatulukira vuto, a Mphezi anaikapo dzina la alamu awo pamwamba pa lawo.

Kunyumba kwa achimwene awo Lamlungu lotsatira, banja lonse lili pa tebulo, a Mphezi anaimirira n'kufotokoza okha nkhani yonse, osabisa pamene anapunthwa. Atamaliza, achimwene awo anaseka mpaka misozi.

"Ndiye mng'ono wanga, unagonja ndi choumitsira tsitsi?"

"Ndinagonja ndi masiku asanu ndi limodzi amene alamu anakhala phee, ine ndikuimba likhweru."

Chimene chinathawa munthu wa zala zamoto chinadzionetsa chokha kwa munthu amene anakhala pansi n'kudikira. Akuluakulu sananame pamene anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.