Kamlonda ka M'kati mwa Purosesa

M'chipinda chakumbuyo munali matebulo awiri. Lina linali la mayi a m'nyumbamo, okonza makompyuta ndi mafoni. Linalo linali la amuna awo, olumikiza makanema a maukwati, omwe anzawo ankawatcha a Chimphepo chifukwa kudikira kunali kuwawawa ngati chithupsa.

Loweruka lina apongozi awo aamuna, bambo a mayiwo, ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo a Chimphepo anali atalonjeza banja lonse kanema wa moyo wa mkuluyo. Mwambo unali wa masana. M'mawa kompyuta inasonyeza kuti imaliza ntchitoyo pakatha maola anayi. Nthawi inalipo, koma mtima unakana. Analowa m'makonzedwe a makinawo kuti akakamize purosesa, ubongo wa kompyuta, kuthamanga kuposa muyeso wake, naiwonjezera mphamvu ya magetsi.

Akazi awo anasuzumira akumanga duku. Anawauza kuti purosesa imeneyo ili ndi kachipangizo kake m'kati momwemo kogawa magetsi, ndipo akakathira mphamvu yambiri kamatentha pamodzi ndi purosesayo, kenaka kamabweza liwiro dala. A Chimphepo anayankha kuti nkhani za makanema azisiyire eni ake. Mayiwo sanatsutse, anapita kukathandiza kukonza malo a mwambo.

Poyamba zinakoma. Maola anayi anatsika kufika pa atatu, bambowo n'kumaimba mluzu. Posakhalitsa fani yoziziritsa makinawo inayamba kulira ngati chigayo, liwiro linagwa, maola aja anabwerera pa anayi ndi theka. Bambowo anatukwana kachipangizoko kuti n'kansanje, nawonjezeranso magetsi kawiri konse. Sikirini inangoti bii. Anadina batani, koma kunali zii.

M'maganizo anaona kale nkhope ya apongozi awo, alamu awo akunong'onezana, ana akufunsa za kanema. Anazungulira tebulo katatu asanaimbe foni.

"Mayi a ana, bwerani. Ndapha kompyuta."

Mayiwo atafika anatsegula bokosi la makinawo n'kununkhiza. Fungo la kupsa panalibe. Anachotsa kabatire kakang'ono ngati batani la jekete kuti makonzedwe onse abwerere mwakale, anadikira kuti chitsulo chizizire, kenaka anakabwezera. Kompyuta inalira kamodzi, sikirini n'kuwala. A Chimphepo anakhala pansi penipeni.

"Sinafe, bambo. Kamlonda kaja kanaona kuti moto wakula, kanadula magetsi purosesa isanapse. Kakanakumverani, bwenzi tikulira."

Anayambiranso ntchitoyo pa liwiro lachibadwa la kompyutayo, ndipo ulendo uno bambowo sanakhudze chilichonse. Anafika ku mwambo anthu atadya kale, koma kanema ali m'thumba. Mkulu uja ataona chithunzi cha malemu akazi ake ali mtsikana, anavula magalasi, nagwira dzanja la mkamwini wake nthawi yaitali.

Pobwerera, a Chimphepo anavomera kuti tsiku limenelo anachenjezedwa kawiri, ndi munthu komanso ndi kachitsulo, ndipo onse awiri anawaona ngati adani. Akazi awo anangoseka, nati bola kuti mmodzi mwa awiriwo anali ndi mphamvu yozimitsa. Zoonadi, wakutsina khutu ndi mnansi.