Tomato wa Apongozi

Chisanu chitayamba kutha, mapichesi akuchita maluwa, dimba la kuseri kwa nyumba ya a Dalaivala linkadikira manja. Panali mabedi ogaula, manyowa othira ndi nthambi zouma zodulira. Kwa zaka makumi awiri ntchitoyi ankaigwira ndi akazi awo, iwo ali pamsewu ndi thiraki. Koma chaka chimenecho bambowo anali atapuma pantchito, ndipo mayi anaitanidwa kukasamalira mwana wawo amene anali atangobereka.

Ponyamuka, mayi anawauza kuti azingothirira m'mawa, china chilichonse aimbe foni. A Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. Iwo, munthu wodutsa malire a mayiko asanu ndi awiri, woona minda yoti galimoto imatopa isanafike kumapeto, afunse za kadimba kosakwana n'poimika thiraki pomwe?

Tsiku lachiwiri anavala jombo nalowa m'dimba ngati bwana woyendera ntchito. Pakona anapeza bedi lofunditsidwa udzu wouma. Ataukanganula anaona timasamba tating'onoting'ono tothithikana ngati tsitsi la khanda. Aneba, amene ankayanika zovala kuseri kwa mpanda, anawachenjeza kuti mayi ankagwada pamenepo m'mawa uliwonse, bwanji awaimbire kaye.

"Achemwali, udzu ndimaudziwa," anatero a Dalaivala. "Ndauona m'mayiko asanu ndi awiri."

Foni ili m'thumba, khasu linagwira ntchito. Pofika masana bedi linali mbee, zonse zili pamulu wa zinyalala.

Mayi atabwera, chikwama chikadali m'manja, anaima pakona paja osaphethira. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabotolo kopanda kanthu. Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana wa mkaka, kuti imeneyo inali nazale ya tomato. Mbewu yake anawasiyira malemu amayi awo, ankaisunga chaka ndi chaka, ndipo njere zomaliza anazifesa momwemo, udzuwo n'kuphimbira kuzizira kwa m'mawa. A Dalaivala anati asadandaule, mawa akagula ya m'sitolo mapaketi khumi.

"Mukagule, bambo. Muwauze akupatseni ya amayi anga."

Mawuwo anawalasa. Mayi atalowa, bambo anagwada pamulu uja n'kuyamba kufufuza ndi zala mpaka anapeza timbande titatu tikadali ndi moyo. Anatibzala m'chitini kuseri kwa galaja, osauza munthu, poti ankafuna kudzadabwitsa banja lonse. Kwa masabata atatu anatithirira ndi kapu, kutitchingira dzuwa ndi chipewa chawo, nkhuku ikayandikira ankaithamangitsa ngati wakuba. Mbewuyo inakula mosangalatsa, yobiriwira bii.

Tsiku lina m'mawa anabwera nacho chitinicho pakhonde, chifuwa patsogolo, naitana ndi aneba omwe kuti adzaone. Anati tomato wa apongozi wauka kwa akufa, ndipo wamuutsa ndi iwo.

Mayi anayang'ana, nathyola tsamba limodzi, kulinunkhiza, n'kupumira m'mwamba.

"Bambo, ichi n'chisoso."

Aneba anabisa nkhope m'nsalu imene anaichapa, mapewa okha akugwedezeka. Mayi sanaseke. Anatenga kabotolo kaja pawindo, nakatsuka, n'kukaika m'kabati. A Dalaivala anatsala pakhonde atafungatira udzu wawo, foni ikadali m'thumba.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.