Nkhono Alemba Pamsana pa Sajeni Fisi

Nkhono ndi Fisi anadana chifukwa cha mazira a Nkhanga. Fisi anali sajeni wa polisi m'nkhalango ya Mtambalika, ndipo anagoneka chipika panjira ya kudambo. Mazira onse odutsa pamenepo ankawalanda, ati akawafufuze. Ofufuzidwawo sankabwerako, koma mimba ya sajeni inkangokulirakulira.

Nyama zonse zinkaona, koma pakamwa zinasoka. Nkhono yekha ndiye ankalemba. Paliponse pamene wakwawa ankasiya mizere yonyezimira pamiyala, yonena za mazirawo.

Fisi anayamba kumusowetsa mtendere. M'mawa uliwonse ankabwera kudzachita chipikisheni, n'kumulamula kuti atuluke m'nyumba. Nkhono ankayankha mwaulemu kuti nyumbayo ndi msana wake womwe.

"Iwe, ukalembanso ndikuthira mchere," anatero Fisi, akusisita thumba. Ndipo mukudziwa chimene mchere umachita ndi nkhono.

Dokowe, mbalame imene imabwera ndi mvula kuchokera kutsidya kwa nyanja, anawerenga mizere ija ali m'mwamba. Anakauza anzake a m'maiko akutali, ndipo tsiku lina onsewo anatera pabwalo la mfumu Njovu ali khwimbi. Anati akufuna kuona Nkhono wamoyo, apo ayi iwo sadzadya dzombe la chaka chino, athana nalo Njovu yekha. Njovu anatuma Gwape kukauza sajeni kuti abwere ndi Nkhono msangamsanga.

Gwape anawapeza panjira. Fisi anali atamanga Nkhono masiku atatu apitawo, koma paulendo wa kuchitokosi anali atangodutsa chulu chimodzi. Atamva uthengawo, Fisi anamunyamula Nkhono, kumuika pamsana, liwiro.

"Ukutani kumbuyoko? Ukundigirigisha."

"Ndikungokhala bwino, bwana. Thamangani."

Pabwalo Fisi anamenya sawatcha, nauza alendo kuti Nkhono ndi bwenzi lake la ponda apa nane mpondepo, mwakuti salola n'komwe kuti ayende pansi. Dokowe anagwedeza mutu, napempha sajeni kuti atembenuke pang'ono. Dzuwa linawala pamsana paja, ndipo Dokowe anawerenga mokweza, liwu ndi liwu:

"Mazira a Nkhanga ali m'mimba muno. Mchere wondiphera ine uli m'thumba la kumanzere."

Njovu anamukweza Fisi ndi chitamba n'kumukutumula ngati mphasa. Mchere unati waa pansi, pamodzi ndi zikhungwa za mazira. Anamuvula chisoti pomwepo, chipika chija anawaza nkhuni, ndipo Nkhono anauyamba wa kwawo ali mfulu. Anakafika mvula itatha.

Fisi anathawira kumiyala kukadzikhula kuti afute malemba aja, mpaka ubweya unathothoka m'malo m'malo. Mawanga amene mumamuona nawo aja ndi amenewo. Ngati simukukhulupirira, kamufunseni nokha. Ine sindikuperekezani.

Phunziro: Wolemba zoona usamuopseze poganiza kuti ali yekha. Ukamuzunza, nkhani imene umabisa umaisenza wekha, ndipo akutali amaiwerenga pamsana pako.