Gulu la Zakufa

Panali munthu wina amene analembedwa ntchito yoyang'anira makompyuta pa kampani yogulitsa anapiye. Makompyutawo anali ambiri, ndiye anawaika m'magulu potengera ntchito yake: gulu la maoda, gulu la magalimoto, gulu la makina ofungatira mazira. Gulu lililonse linali ndi kadontho kake pa sikirini yaikulu ya pakhoma la mu ofesi. Kakabiriwira, zonse zili bwino. Kakafiira, kompyuta ina m'gululo ikudandaula.

M'gulu la mazira munali kompyuta yakale. Anaiika ndi mayi Nachisale, amene anamwalira chaka chapitacho, ndipo pa sikirini inkaoneka ndi dzina lawo. Tsiku lina masana dzinalo linafiira. Mawa lake linafiiranso, nthawi yomweyo. Antchito anayamba kunong'onezana kuti malemu akuitana. Wosesa anasiya kulowa m'chipinda chimene munali kompyutayo. Bwana nawo anati sakufuna kuonanso chofiira pakhoma pawo.

Munthu uja sanapite kukaona chimene kompyutayo inkanena. Anapanga gulu latsopano losaoneka pa sikirini, nalitcha Zakufa, naponyamo Nachisale.

"Akufa akhale ndi akufa anzawo," anatero.

Khoma lonse linabiriwira. Bwana anamuyamikira.

Tsiku loswa mazira linafika. Magalimoto anandanda pabwalo, alimi akudikira ndi makatoni awo. Tsiku lotere phokoso la anapiye limamveka mpaka kumsewu. Koma antchito anatsegula chitseko cha chipinda chofungatira mazira, kuli zii. Mazira ali ndaa m'mathireyi, osasweka ndi limodzi lomwe.

Munthu uja anabwerera ku ofesi, natsegula gulu la Zakufa. Nachisale anali chifiirire. Pansi pa dzinalo panali uthenga umodzimodzi, tsiku ndi tsiku, kwa milungu iwiri: mazira akuzizira. Kompyutayo ndi yokhayo imene inkayeza kutentha. Zinzake zinkangoona ngati makina ali oyaka.

Ntchito inamuthera tsiku lomwelo.

Tsono inu amene mwayamba ntchito yoyang'anira makompyuta lero, ndimvereni, ine sindinaphunzire izi dzulo. Zaka makumi awiri ndili pa sikirini, ndipo palibe dzira linazizirapo m'manja mwanga. Poika zinthu m'magulu, muziyamba mwafunsa kuti chilichonse chikulondera chiyani. Chikafiira, nyamukani pampando mukachione. Mukachichotsa pamaso panu sichileka kuitana ayi. Chimangoitana kumene kulibe womva.