Saiti Adzitchula Dzina Pabwalo la Beni

Saiti ankagwira ntchito m'chipinda cha nyali pamgodi wa malasha ku Wankie, kunja kwa dziko la Malawi. Aliyense wotsika pansi ankadzera pawindo lake kutenga nyali, ndipo pobwerera ankaisiya pamodzi ndi madandaulo ake onse. Saiti sankayankha zambiri. Ankangotola mawuwo n'kuwasula kukhala nyimbo, Loweruka n'kukazipereka kwa che Hamadu, mkulu wa gule wa Beni kukomboni ya Madumabisa.

Beni anali ndi lamulo lake: nyimbo ilibe mwini. Ikanyoza kapitawo wokakamiza anthu kulowa pomwe denga likulira, ankaimba anthu makumi anayi pakamodzi, wofuna kukwiya n'kusowa pogwira. Chichitikireni ngozi ya Kamandama, yomwe inapha anthu ochuluka mumgodimo, nyimbo zoterezi zinkaluma zedi, komanso inali nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu wa dzikolo, pomwe ngakhale khoma linkamera makutu. Saiti anapeka nyimbo zaka zisanu ndi ziwiri osadziwika, ndipo kunena zoona zinkamudya mumtima. Nthungululu zonse zinkapita kwa che Hamadu, iye ali kumbuyo ngati wongoperekeza.

Chakumapeto kwa 1979, mnzake wogwira ntchito panjanji anabwera ndi mbale ya galamafoni yochokera kunja. Anyamata a m'mbalemo sankaimba ayi. Ankalankhula mothamanga pamwamba pa ng'oma, aliyense akudzitchula dzina ndi kudzitama. Saiti anaimvera kangapo, mutu n'kuzungulira. Anauza che Hamadu kuti Lamlungu alowa yekha pakati pa bwalo kukachita chimodzimodzi.

"Mwanangu, manje nthawi njoipa," anatero mkuluyo. "Ngakhale unabadwira konkuno, chitupa chako chimati ndiwe mlendo. Thamangitsa mawu mmene ungafunire, koma dzina ulisiye kunyumba."

Mkazi wake Salama, yemwe anali woyembekezera, anamukumbutsa kuti nyumba yomwe ankakhalayo inali ya pantchito, ndipo ku Malawi kunalibe ndi mmodzi yemwe wowadziwa nkhope. Anamuuza poyera kuti akuopa kubereka mwana wopanda bambo. Saiti anangoseka, nati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Lamlungu masana, gule atafika pakolasi, Saiti analumphira pakati. Luso analidi nalo, tisamunamizire. Mawu ankagwa ngati matalala padenga la malata, Chichewa, Sindebele ndi Chilapalapa zikupondana, kapitawo uja akusendedwa wamoyo. Bwalo lonse linachita phokoso. Pamenepo Saiti analedzera nako kutamandidwa, nadziguguda pachifuwa: "Ndine Saiti wa kunyali, mwini mawu ndine! Zonse mwaimba zaka zonsezi zinatuluka m'kamwa muno!"

Achinyamata anakuwa mokondwa. Koma akuluakulu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, akukoka ana awo padzanja.

Lolemba anthu anatenga nyali zawo osamuyang'ana kumaso. Panalibe wodandaula, panalibe wopereka moni. Lachiwiri kapitawo uja anafika pawindo, natsamira bwinobwino, n'kuyamba kunena ndime yonse ya Lamlungu motsitsa mawu, osaphonya ngakhale liwu limodzi. Atamaliza anamwetulira. "Mushe siteleki, wachita bwino zedi, Saiti. Zaka zonsezi ndimafunafuna, osadziwa kuti ndiwe."

Kuyambira tsiku limenelo galimoto ikangolira mumsewu Saiti ankadzambatuka. Mantha anamufikitsa kwa che Hamadu kukapempha kuti gulu lonse linene kuti iye ankangodzitama chabe. Mkuluyo anamuyang'ana mwachisoni. "Pakati pa anthu makumi anayi tinkatha kukubisa. Wadzitulutsa wekha, tikubwezeremo bwanji?"

Lachisanu dzuwa lili paliwombo, amuna awiri achitetezo osavala yunifolomu analowa m'chipinda cha nyali osagogoda. Anali ndi mapepala olembedwa nyimbo zonse za Beni, za zaka zisanu ndi ziwiri zija. Kuti ankalemba ndani pakati pa ovina ndi oonerera, mpaka lero palibe akudziwa. Mmodzi analoza nyimbo ina yotamanda anyamata omenya nkhondo kutchire. Saiti anaiyang'anitsitsa. Imeneyo sanapeke ndi iye. Inachita kubwera ndi anthu ochokera kumidzi, gulu n'kungoitola. Analumbira, anatchula Mulungu, anapempha kuti akafunse che Hamadu.

"Hayikona," anatero mwamunayo mosakweza mawu. "Bwalo lonse linakumva. Unati zonse."

Anamukweza m'galimoto ogwira ntchito anzake akuyang'ana pansi. Salama anamva nkhaniyi kwa mayi wina pampopi, ndipo madzulo ake anauzidwa kuti nyumba ikufunika pasanathe masiku atatu. Anayenda m'maofesi ndi mimba yakeyo kufunsa komwe mwamuna wake anapita naye, koma kulikonse ankangomupukusira mutu. Mwana anabadwira m'kachipinda ka kuseri kwa che Hamadu, ndipo tsiku lomutcha dzina panalibe bambo woti amunyamule.

Anthu a ku Madumabisa akamakumbuka Saiti sakana kuti anali katswiri. Amangousa moyo n'kunena kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.